Laser ikamenya seramiki, chimachitika ndi chani kwenikweni?

Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira sekondale ku Ulongué, anabwera ndi katochi ka laser kobiriwira akuti anagula pamsika ku Tete, ndiye tsiku lonse ntchito kulozaloza nako, pakhoma, pa mbuzi, pankhope za anzake, mpaka ndinachita kumulanda. Madzulo tikumwa tiyi akundifunsa kuti amalume, pa foni ndinaona vidiyo laser ikulemba dzina pa kapu yadothi, ina ikuboola mbale yoyera ngati ikuboola pepala, nanga bwanji kangaka ndaloza pa kapu yanuyi nthawi yonseyi koma olo kufunda osafunda? Ndinangoti kako nkachibwana, basi. Koma nditagona ndinaona kuti yankho limenelo linali laulesi, chifukwa si kukula kwa mphamvu kokha komwe kumapangitsa. Chachikulu ndi nthawi, kuti mphamvuyo yafika pa chinthucho mwa kanthawi kotalika bwanji. Ndipo chodabwitsa nchoti kuwala kukamenya mwaukali kwambiri koma mwa kanthawi kochepetsetsa, ndi pomwe seramiki imadulika bwino osang'aluka, pomwe kuwotcha mofatsa ndi komwe kumaiphwanya. Ndiyesa kufotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi seramikiyo. Musaope dzinali, ndi zinthu zomwe takula nazo: mbiya, mtsuko, nkhali, njerwa zowotcha, matailosi, kapu ndi sosala, choyera chija cha pa vela ya mota chomwe anzathu aku Malawi amati pulagi, ndi timbale tija timalendewera pa mapolo a magetsi. Zonsezi ndi dothi kapena ufa wa miyala womwe waumbidwa nkuwotchedwa mpaka timibulu take tagwirana. Kufakitale amapanga zina zoyeretsedwa kwambiri. Pali alumina, yemwe ndi aluminiyamu wophatikana ndi okosijeni, ndipo ndi amene ali pa vela paja. Aluminiyamu wa mapoto amasungunuka pa madigiri 660, koma akangokwatirana ndi okosijeni amafuna madigiri opitirira 2000. Pali zirconia yomwe madokotala amapangira mano oikirira, iyo mpaka cha m'ma 2700. Pali silicon carbide wa pa miyala yonolera ndi sandipepa wakuda uja. Chitsulo wamba chimasungunuka cha pa 1538, ndiye mukuona kuti izi ndi zinthu zokanika moto.

Kusiyana kwa chitsulo ndi seramiki kuli pa maelekitironi, tinthu tija timazungulira atomu. Mu chitsulo ali ngati mbuzi za m'chilimwe anthu atakolola, zongoyenda mudzi wonse mopanda mwini. Mu seramiki ali ngati mbuzi za m'dzinja, iliyonse pachingwe pachikhomo pake. Nchifukwa chake magetsi sadutsa mu seramiki, palibe woti awanyamule. Kutenthanso kumayenda movutika, kopa amapititsa kutentha kuposa alumina kakhumi ndi kuposerapo, ndipo kuposa zirconia kopitirira ka 100. Chachitatu, chomwe ndi gwero la mavuto onse, seramiki sipindika. Poto wa aluminiyamu ukamugwetsa amangofwaphika, umuwongola ndi mwala nkuphikiramonso. Nkhali ukaigwetsa watola mapale.

Laser yoyamba anaiyatsa Theodore Maiman mu 1960 ku California, ndipo mtima wake unali mwala wa ruby, womwe ndi alumina yemweyo wothira chromium pang'ono, ndiye tinganene kuti laser inabadwira m'banja la seramiki lomwelo. Ine dzinali limandiseketsa chifukwa tikamalitchula limamveka ngati Leza, ndipo utawaleza ndi womwe umatithandiza kumvetsa. Kuwala kwa dzuwa ndi chisakanizo cha mitundu yonse ija ya mu utawaleza, kumwazikira mbali zonse. Laser ndi mtundu umodzi wokha, mafunde ake oyenda mogwirizana mbali imodzi, ndiye ukaika galasi lounjikira kuwala umatha kukusonkhanitsa pa kadontho kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ena mwa ma laser amayaka mosalekeza ngati katochi ka mwana uja, koma omwe tikukamba pano amatulutsa kuwala modukizadukiza, kuphethira kamodzi nkuzima, ndipo kuphethira kumeneku azungu amati pulse.

Apa pakufunika masamu pang'ono, pepani. Mphamvu yonse yomwe ili mu pulse imodzi imatha kukhala yochepa zedi, tinene 1 millijoule, yomwe ndi yongokwanira kunyamula njere zitatu za chimanga masentimita 10. Zachabechabe eti? Koma tsopano itulutseni yonseyo mu ma femtosekondi 100. Femtosekondi ndi kachigawo ka sekondi kochepa moti kuyerekeza ndi sekondi imodzi kuli ngati kuyerekeza sekondi imodzi ndi zaka pafupifupi 32 miliyoni. Kuwala komwe kumazungulira dziko kasanu ndi kawiri pa sekondi, mu ma femtosekondi 100 kumangoyenda mtunda wosakwana kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mukagawa kamphamvu kaja ndi kanthawi kameneka mupeza ma megawati 10,000. Damu lathu la Cahora Bassa ku Songo, makina onse asanu akulira, limatulutsa ma megawati 2075. Ndiye kwa kanthawi kameneko kakuwala kaja kakuposa Cahora Bassa pafupifupi kasanu, ndipo konseko kwaunjikana pa kadontho kosaoneka ndi maso. Dzuwa la ku Tete la mu Novembala lomwe timadandaula nalo lija limangothira pafupifupi 0.1 wati pa sikweya sentimita, pomwe apa tikukamba za mawati mathililiyoni ambirimbiri pa malo omwewo.

Koma kuti kuwala kuwononge chinthu, chinthucho chiyenera kukumwa kaye, ndipo seramiki yoyera bwino imakana. Kuwala kumabwera m'timaphukusi totchedwa mafotoni, ndipo kaphukusi kalikonse kali ndi mphamvu yake malinga ndi mtundu. Kuti udule chingwe cha elekitironi mu alumina pamafunika pafupifupi 9 pa muyeso womwe amautcha electronvolt, pomwe fotoni ya laser ya Nd:YAG, yomwe ili m'mafakitale ambiri, ili ndi 1.17 yokha. Siyingathe, imangodutsa. Nchifukwa chake sapphire, yemwe ndi alumina wa mbulu umodzi, amaonekera ngati galasi mpaka amamuika pa mawotchi odula. Nanga vela bwanji ndi yoyera osaonekera mkati? Chifukwa muli timibulu mamiliyoni ndi timabowo ta mpweya, kuwala kumangogundagunda m'malire mwake nkubwerera, monga mbulu umodzi wa mchere umaonekera koma mulu wa mchere ndi woyera. Katochi kobiriwira kaja kakaloza pa kapu, kuwala kwambiri kumangomwazika, kotsalako kapu imakumwa nkukutaya mumpweya osamva nkomwe.

Njira yoyamba yozembera vutoli ndi kusintha mtundu wa kuwala. Laser ya CO2, yomwe Kumar Patel anapanga ku Bell Labs mu 1964, imatulutsa kuwala kosaoneka kwa mafunde aatali, ma micrometre 10.6 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), ndipo kumeneku sikulimbana ndi maelekitironi, kumagwedeza maatomu enieniwo. Alumina, galasi ndi dothi zimakumwa pamwamba pomwepo. Mavidiyo ambiri olemba maina pa makapu ndi matailosi amakhala a mtundu umenewu. Njira ina ndi kudalira zilema za seramikiyo, kachitsulo kotsalira, kabowo, malire a timibulu, pomwe kuwala kumakodwa nkuyamba kutenthetsa, ndipo malo akangotentha amayamba kumwa kuwala kwambiri kuposa poyamba, ndiye zimangokulirakulira. Ichi nchifukwa chake zidutswa ziwiri zooneka zofanana zimatha kuchita mosiyana, china kuboola bwinobwino china kuphulika.

Tsopano tione pulse yaitali, ya millisekondi imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, yomwe kwa ife ndi yaifupi koma kwa maatomu ndi chaka chathunthu. Pamwamba pamatentha, pamasungunuka, pakati pamawira nkusanduka nthunzi, nthunziyo pothawa imakankha zosungunukazo kuzitayira m'mbali ngati phala likuthovoka mu mphika. Pa nthawi imeneyi kutentha kumakhala kwalowa mkati mwa alumina pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Laser ikazima, zosungunuka zomwe sizinathawe zimaumanso m'mphepete mwa bowo ngati chikhokho cha nsima, ndipo apa ndi pomwe pamayambira tsoka.

Ambiri amaganiza kuti seramiki imang'aluka ikamatentha, koma kawirikawiri ming'alu ya pamwamba imabwera pozizira. Potentha, kamalo kaja kamafuna kufutukuka koma kozungulira nkozizira, kakukanikiza, ndipo seramiki kukanikizidwa siiopa, mutha kusanja njerwa mpaka nyumba yosanjikiza ya pansiyo osaphwanyika. Komanso kamaloko kakafewa kamangodzikonza. Pozizira kamafuna kukhwinyata koma kagwirana kale ndi kozungulira komwe sikakusuntha, ndiye kamakokeka mbali zonse, ndipo kukokedwa ndi komwe seramiki siipirira, mphamvu yake pokokedwa imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa khumi a mphamvu yake pokanikizidwa. Chitsulo chikanangotamuka pang'ono nkupuma. Seramiki imang'aluka, ndipo ukayang'ana pa maikulosikopu umaona ming'alu yonga ya matope a m'dambo mu Okutobala madzi ataphwa, ndendende. Kwa alumina kusiyana kwadzidzidzi kwa madigiri pafupifupi 200 okha nkokwanira, tsono laser imabweretsa kusiyana kwa madigiri masauzande pa kamtunda kosakwana milimita.

Izi amayi oumba mbiya akuzidziwa kalekale ngakhale sanalowe kalasi ya fizikisi. Mbiya amaiumitsa pamthunzi masiku angapo, ena amayamba aiwambika pafupi ndi moto isanalowe mu nkhuni zambiri, chifukwa madzi otsalira mu dothi akasanduka nthunzi mwadzidzidzi imaphulika. Komanso mchenga womwe uli mu dothi umasintha kaimidwe ka maatomu ake pa madigiri 573 nkufutukuka mwadzidzidzi, pozizira nkubwereranso, ndiye mbiya yodutsa pamenepo mothamanga imalira kuti the. Okumba zitsime akakumana ndi thanthwe amasonkha moto pamwamba kenako nkuthira madzi, mwala nkusweka. Tambula yagalasi m'mawa wa mu Juni kuno ku Angónia, thirani tiyi wowira muone. Ndipo akatswiri a laser nawo anatengera nzeru yomweyo, akafuna kudula kapena kuwotcherera seramiki yokhuthala amayamba aitenthetsa yonse mu ng'anjo kuti kusiyana kuchepe, nkuiziziritsa pang'onopang'ono.

Kamng'alu kosaoneka kameneka musakapeputse. Alan Griffith wa ku England anaonetsa cha m'ma 1920 kuti zinthu zosapindika zimasweka kuyambira pa chilema chomwe chilipo kale, chifukwa mphamvu yonse yokoka imakaunjikana kunsonga kwa mng'alu, ndipo mng'alu ukakhala wautali pamafunika mphamvu yochepa kuti upitirire. Ndi zomwe amachita wodula matailosi, amangokanda mzere kamodzi nkuthyola. Ndiye chidutswa chingatuluke mu makina chikuoneka chabwino nkudzasweka patapita miyezi chili kale mu injini kapena mkamwa mwa munthu. Koma opanga zamagetsi anasandutsa vutoli phindu, timapepala ta alumina tomwe amamangapo ma circuit amatiboola mzere wa timabowo tosatulukira kuseri ndi laser ya CO2, kenako nkuthyola ngati bisiketi, mng'alu umatsata mzerewo.

Tikafupikitsa pulse kufika pa ma nanosekondi, tinene 10, zinthu zimasintha. Nanosekondi ndi nthawi yomwe kuwala kumayenda masentimita 30, rula imodzi yakusukulu. Kutentha sikupeza mpata wolowa patali, mu alumina kumangolowa mosakwana micrometre imodzi, ndiye chikhokho chija chimachepa. Koma pamabwera chinthu china. Nthunzi yotuluka imakumana ndi kuwala komwe kukubwerabe, imatentha mpaka maatomu ake amataya maelekitironi nkusanduka pulazima, moto womwewo timauona pa mphezi kapena pa welding, wotentha madigiri opitirira 10,000. Pulazimayo imaima pakati ngati chishango nkumamwa kuwala kotsala, ndiye ukawonjezera mphamvu sikuti bowo limakula molingana ayi, ukungodyetsa pulazima. Ndipo pofutukuka imamenya pamwamba pa seramiki ngati hamala, mpaka kumveka kuti thwa, kabingu kakang'ono.

Kumenya kumeneku kumatumiza funde lokanikiza kulowa mkati. Likamadutsa palibe vuto kwenikweni, paja tati kukanikiza seramiki siiopa. Koma likafika kuseri komwe kuli mpweya chabe, limabwerera litasanduka funde lokoka, ndipo kachidutswa kamatha kuthothoka kuseri komwe laser sinakhudzeko nkomwe. Amene anaonapo galasi lokhuthala lomwe lagendedwa ndi kamwala ka legeni adziwa kuti kutsogolo kumakhala kabowo kakang'ono koma mbali inayo kwachoka chibanthu chachikulu, njira yake siyofanana ndendende koma chithunzi chake nchomwecho. Akatswiri amagwiritsa ntchito dala njirayi poyesa ngati seramiki yomwe aimata pa chitsulo yagwira bwino, amawonjezera mphamvu mpaka imatuke. Pa zitsulo, kumenya komweku nkothandiza, amathira madzi pamwamba kuti pulazima ipanikizike nkumenya kwambiri, chitsulo chimalimba, ndipo mapeni a injini za ndege amawachita zimenezi. Pa seramiki ndi zovuta chifukwa malire pakati pa kulimbitsa ndi kuphwanya ndi opyapyala.

Tsopano gawo lomwe ine limandisangalatsa, ma femtosekondi. Paja tinati fotoni imodzi siingadule chingwe cha elekitironi. Taganizani chapa, minibasi ija, yatitimira m'matope pa msewu wa ku Furancungo mu Febuluwale. Anthu 100 atabwera mmodzimmodzi, aliyense kukankha nkuchoka, siisuntha olo pang'ono, koma asanu ndi mmodzi akakankha nthawi imodzi imatuluka. Kuwala kukaunjikana kwambiri, mafotoni amachuluka moti asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu amafika pa elekitironi imodzi nthawi imodzi, mphamvu zawo nkuphatikizana, chingwe nkuduka. Maria Göppert-Mayer analosera mu 1931 kuti mafotoni awiri angathe kumwedwa limodzi, laser kulibe, ndipo zinadzaoneka mu 1961 laser itangobadwa. Elekitironi yomasukayo tsopano ili ngati ya mu chitsulo, imamwa kuwala mosavuta, imathamanga, imagunda inzake nkuimasula, awiri asanduka anayi, anayi asanu ndi atatu, kuwirikiza ka 40 kokha mwadutsa kale thililiyoni. Pulse isanathe, kamalo kaja ka seramiki yoyera yosadutsa magetsi kasanduka ngati chitsulo, kakumwa kuwala konse pa kachikopa kopyapyala kwambiri.

Chinsinsi chili apa. Maelekitironi ndi opepuka, maatomu ndi olemera kuwaposa kambirimbiri, ndiye kuti maelekitironi otenthawo apatsire kutentha kwawo ku maatomu pamatenga ma pikosekondi angapo, ndipo pikosekondi imodzi ndi ma femtosekondi 1000. Kutanthauza kuti pulse imabwera nkutha maatomu asanadziwe kuti kwachitika kanthu. Akamadzazindikira, zingwe zomwe zimawagwirizanitsa zaduka kale, mphamvu yaunjikana yoposa yowiritsa, ndipo kachikopa konseko kamangochoka ngati fumbi ndi nthunzi, kutenga kutentha kwambiri nkupita nako kusanalowe pansi. Pulazima yotchinga ija nayo imadzuka kuwala kutadutsa kale, ilibe choti itchinge. Zili ngati kusolola nsalu pa tebulo mwachangu mbale nkutsala pomwepo. Zotsatira zake bowo la m'mphepete mosalala, chikhokho pafupifupi palibe, ming'alu yochepa kwambiri. Ena amati kudula kozizira, dzina lomwe ine ndimaliona lonama pang'ono chifukwa chochokacho chimakhala chotentha koopsa, chozizira ndi chotsalacho.

Ku labotale ya Lawrence Livermore ku America, cha pakati pa zaka za m'ma 1990, anayesa pa galasi la silica nkupeza kuti pa ma pulse aatali mphamvu yofunika kuti pawonongeke imatsika motsatira lamulo la kayendedwe ka kutentha, ukafupikitsa pulse ka 100 mphamvuyo imatsika ka 10. Koma pofika cha pa ma pikosekondi 10 mpaka 20 lamulolo limasiya kugwira ntchito, ndipo maonekedwe a bala amasintha kuchoka pa kusungunuka ndi kusweka kufika pa kusengeka kosalala. Ubwino wina, pa ma pulse aafupi chonchi malire ake amakhala odalirika, chifukwa kuwala kumadzimasulira kokha maelekitironi oyamba osadikira mwayi wokumana ndi chilema.

Kupanga ma pulse amenewa kunali kovuta chifukwa chomwechi, pulse ikakula mphamvu inkawononga mwala wa mkati mwa laser momwemo. Donna Strickland ndi Gérard Mourou ku University of Rochester mu 1985 anapeza njira, kuitamula pulse kaye kuti italike ukali wake utsike, kuikulitsa mphamvu ili yotamuka, kenako kuifinyanso ikatuluka. Analandira Nobel mu 2018, ndipo Strickland anali mayi wachitatu kulandira ya fizikisi, pambuyo pa Marie Curie mu 1903 ndi Göppert-Mayer yemwe uja mu 1963. Ena mwa ma laser ochitira opaleshoni ya maso masiku ano ndi zidzukulu za ntchito imeneyo.

Musaganize kuti femtosekondi ndi mankhwala a matenda onse. Pulse iliyonse imachotsa kachikopa kosakwana micrometre, ndiye kuboola chinthu chokhuthala pamafunika ma pulse masauzande, ndipo ukawathamangitsa kwambiri pa malo amodzi kakutentha kotsalira kamaunjikana mpaka wabwerera ku ming'alu yomwe umathawa ija. Makinawo ndi odulanso, nchifukwa chake mafakitale ambiri akadali pa CO2 ndi nanosekondi pomwe ntchito siifuna ukhondo wambiri. Palinso khalidwe lina, seramiki imasunga mangawa. Pulse yofooka yomwe payokha siingachite kanthu imasiya tizilema tosaoneka, yachiwiri nkuwonjezera, pofika ya 100 kapena ya 1000 pamalo pomwepo paphulika ndi mphamvu yomwe poyamba inali yosaopsa. Ndipo pansi pa bowo nthawi zambiri pamatsala timizere tondondozana ngati mizere ya m'munda wa mbatatesi, motalikirana pafupifupi ndi utali wa funde la kuwalako kapena kucheperapo, chifukwa kuwala kobwera kumasokonezana ndi komwe kukuyenda pamwamba.

Seramiki iliyonse ilinso ndi mtima wake. Zirconia ndi yochenjera, gulu la Ron Garvie ku Australia linaonetsa mu 1975 kuti ukaisakaniza bwino, timibulu take tomwe tili kunsonga kwa mng'alu timasintha kaimidwe nkufufuma ndi maperesenti 3 mpaka 5, nkuufinya mng'aluwo kuti usapitirire. Koma laser ikaitenthetsa mosasamala imatha kusokoneza kaimidwe kameneka pamwamba, komanso poti siipititsa kutentha, konse kumaunjikana pamodzi. Imathanso kuda pomwe yamenyedwa, osati chifukwa cha mwaye koma okosijeni wina wathawa nkusiya mipata yomwe imamwa kuwala, ndipo ukaiwotchanso mumpweya imayeranso. Silicon carbide ndi silicon nitride sizisungunuka bwinobwino, zimagawanika, ina kusiya silicon ndi kaboni, inayo nayitirojeni kuthawa cha pa madigiri 1900 nkusiya silicon. Aluminium nitride ndiye woseketsa, amamugula chifukwa sadutsa magetsi, koma laser ikathamangitsa nayitirojeni pamatsala kanjira ka aluminiyamu komwe magetsi amadutsa bwinobwino, ndiye wosadziwa apanga short yekha.

Mu injini za ndege mapeni a kumoto amawakuta ndi zirconia yopyapyala kuti chitsulo chisapse, ndipo amaboola timabowo tambirimbiri topitira mpweya wozizira, modutsa seramiki ndi chitsulo pamodzi, mopendeka. Ziwirizi zimafutukuka mosiyana, ndiye pulse ikatalika seramiki imamatuka m'mphepete mwa bowo. Komanso kapulazima kaja kali ndi ntchito yake, pozizira atomu iliyonse imawala mtundu wake, sodium wa mu mchere chikasu, kopa mobiriwira, ndiye ukayeza kuwalako umadziwa zomwe zili mu mwala osaunyamula. Galimoto ya Curiosity yomwe inatera pa Mars mu Ogasiti 2012 imawombera miyala ili patali mpaka mamita 7 nkuwerenga mitunduyo, ndipo inzake Perseverance ya 2021 ili ndi maikolofoni yomvera kulira kwa thwa kuja, chifukwa mwala wolimba ndi wofewa salira mofanana, monga momwe amayi amagogodera mbiya pamsika asanagule. Njira yomweyi imagwiranso ntchito poyeza miyala ya m'migodi ndi phulusa la malasha, ndiye achinyamata omwe mukufuna ntchito za migodi ku Moatize musadabwe mukadzakumana nayo.

Ku Livermore komwe kuja kuli laser yaikulu ya National Ignition Facility, ya mizere 192, yomwe pa 5 Disembala 2022 inathira mphamvu ya ma megajoule 2.05 pa kambulu ka mafuta a nyukiliya, kambuluko nkutulutsa yoposa imeneyo, ma megajoule 3.15. Mdani wawo wamkulu ndi magalasi awo omwe, chifukwa kuwala podutsa kumasiya timabala tating'ono, ndipo kabala kakangoyamba kamakula pa kuwombera kulikonse monga Griffith ananenera. Ndiye amachotsa galasilo nkupita nalo kokonza, komwe amatenga laser ina ya CO2 nkusenga kabalako kuti pakhale kadzenje kosalala kopanda nsonga ya mng'alu, nkulibwezeretsa.

Mwana uja ndinamufotokozera zonsezi mawa lake tikupalira, anamva mwina theka, kenako akuti ndiye poti kanga sikangaboole olo kapu ndibwezereni amalume. Ndinakana. Kapu imamwaza kuwala, koma diso lili ndi galasi lake lounjikira lomwe limasonkhanitsa kuwala konse pa kadontho kamodzi kuseri kwa diso komwe kuli koderako komwe kumamwa bwino, ndipo timatochi ta pamsikati nthawi zambiri mphamvu yake imaposa yomwe yalembedwa pa pepala. Kali mu sutikesi mwanga mpaka mayi ake adzabwere.